Mpini wa Nsompho ya Bambo Albino

Malikisi 7 pa 50. Amenewa ndiwo anapatsidwa Filomena pa ntchito ya hisitole imene anaigwira ndi mtima wake wonse. Ine ndimagulitsa mchere ndi sopo, ndipo anthu obera anzawo pa sikelo ndawaona ambiri, koma kubera kotere sindinakuonepo. Ndikulemba za mtsikana ameneyu mtima ukuwawa, chifukwa wakulira pafupi ndi benchi langa ndipo zonse zimene zamuchitikira ndaziona ndi maso.

Dzina langa ndine Shaibu. Benchi langa lili pa kamsika kathu cha ku Lungwena, moyandikana ndi pamene amayi ake a Filomena, mayi Rute, amakazinga zitumbuwa. Anthu awiriwa anafika kuno chaka chija othawa nkhondo ku Mozambiki ankatsika mapiri a kum'mawa ndi timitolo pamutu, ena atavala masaka. Ku kampu sanapite. Mayi Rute anali ndi azakhali awo amene anakwatiwa kuno kalekale, ndiye anayamba kugona pakhonde pawo mpaka anthu anawathandiza kumanga kanyumba kawo.

Filomena anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ankalankhula Chiyao ndi Chipwitikizi pang'ono, Chingerezi ayi. Kusukulu, imene dzina lake sinditchula, anamuika sitandade 3 pamodzi ndi tiana tomulekeza m'chifuwa. Tianato tinkamutcha "amayi a kalasi." Iye ankangolemba. Pofika sitandade 6 anali atayamba kukhala nambala wani, ndipo omwe ankamuseka aja ankabwera pa msika kudzamupempha kuti awaonetse masamu. Ndi mtsikana wamtali, wosaseka msanga, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Makope ake onse ali ndi zidindo za zala zamafuta, chifukwa amawerenga uku akutembenuza zitumbuwa.

Phunziro limene ankalikonda kuposa onse ndi hisitole, ndipo chifukwa chake anali aphunzitsi ake, a Blackson. Sindiwanamizira, bambo amene aja kufotokoza amatha. Filomena ankabwera pa benchi langa madzulo ali nayo nkhani yonse pakamwa.

"Achimwene, mukudziwa kuti njira imene mumadutsa ndi njinga yanuyi munkadutsa anthu omangidwa m'magoli?"

"Ine ndimadziwa kuti muli mchenga woononga matayala."

"Inu ndi mchere wanuwo! Anthu ankagulitsidwa ndi nsalu, achimwene. Munthu wamoyo, ndi nsalu."

Ankanena maso ali gwa, ngati zachitika dzulo. Ankati akadzamaliza sukulu adzakhala mphunzitsi wa hisitole ngati a Blackson.

Za bambo ake sankakamba kawirikawiri. Amene anandiuza ndi mayi Rute, tsiku lina mvula itatitsekereza pa msika. Bambo Albino anali mmisiri wosema mabwato m'mbali mwa nyanja ya Amaramba. Tsiku lina anthu a mfuti anafika m'mudzi nawatenga amuna kuti akawanyamulire katundu. Bambo Albino sanabwerenso. Patapita miyezi, munthu wina amene anathawa pa ulendo womwewo anadzanena kuti anagwa panjira ndi katundu wawo, ndipo anawasiya pomwepo. Manda alibe. Pothawa, mayi Rute anasiya mapoto ndi mbuzi, koma anatenga nsompho ya amuna awo, ija ankasemera mabwato, naimanga m'chiuno mkati mwa chitenje.

"Kwathu munthu akafera kutchire osapezeka, sitingokhala," anandiuza. "Timatenga chinthu chimene chinamwa thukuta lake, n'kuchikulunga m'nsalu yoyera, n'kuchiika m'manda ngati mwini wake. Pamenepo ndiye timameta, maliro n'kutha. Chitsulo cha nsomphoyo n'chogula, anasula ndi munthu wina. Koma mpini anadula okha, anasema okha, ndipo zala zawo zinaudya mpaka kusiya malo ake. Bambo ake a Filomena ali mu mpinimo."

Ndiye zaka zonsezi mayi Rute akhala osameta maliro, akudikira kuti nkhondo ithe akaike amuna awo m'manda a kwawo. Nsomphoyo inkakhala m'chitini cha bisiketi pansi pa mphasa zawo. Ine ndinaiona kamodzi. Mpini wake unali wakuda ndi wosalala ngati wopakidwa mafuta, ndipo kumutu kwake, pamene unang'aluka, anamangapo mphira ya chubu cha njinga.

Chaka chino Filomena ali sitandade 8. Teremu yachiwiri a Blackson anabwera ndi nkhani yatsopano. Anati pa tsiku loonetsa makolo ntchito za ana, kalasi yawo idzakhala ndi tebulo la zinthu zakale. Mwana aliyense abweretse chinthu cha kunyumba kwawo ndipo alembe mbiri yake. Madzulo ake aliyense adzatenga chake. "Hisitole siili m'mabuku mokha," anatero, "ili m'nyumba zanu."

Mawu amenewo Filomena anawakhulupirira. Anakapempha amayi ake, ndipo mayi Rute anaganiza usana wonse asanayankhe.

"Tenga," anatero. "Dzina la bambo ako likamveke pagulu. Kuno palibe amene analimvapo."

Filomena analemba masamba anayi m'Chingerezi. Mapepala ndinampatsa ndine, aja ndimakulungira sopo asanadetsedwe. Analemba za mitengo imene bambo ake ankasankha, za momwe ankagogodera thunthu kuti amve ngati lili ndi mphako, za tsiku limene anatengedwa, ndi za mwambo wa manda uja. Anandiwerengera akumasulira, ndipo ndinaiwala kasitomala ataima ndi ndalama m'manja.

Mapepala atabwerera, pamwamba panali 7 wofiira, ndi mzere wautali wodutsa tsamba loyamba. Filomena anaimirira m'kalasi momwemo.

"Sala, ndalakwitsa pati?"

"Iyi si hisitole," anayankha a Blackson. "Hisitole ndi zinthu zakale, za m'silabasi. Za dzana izi ndi nkhani za pa wailesi. Komanso za nkhondo ya eni ake, ukufuna undiike m'mavuto ndi ndani? Khala pansi."

"Ndiye mundibwezere nsompho yanga."

"Imeneyo ikhale. Ndi chinthu chokhacho chooneka bwino pa zinyalala zimene mwandibweretsera."

Anzake anali atabweretsa zipande, mitondo yong'aluka ndi ndalama zakale zabowo. Ana anaseka. Filomena anakhala pansi, nadziuza kuti apirire mpaka tsikulo lidutse.

Tsikulo litafika, atsikana akuluakulu a sitandade 8 anawatuma kukatunga madzi ndi kuphikira alendo kuseri kwa sukulu. Filomena tebulo lija sanalione n'komwe. Pamene ankamaliza kutsuka mbale, alendo anali atapita, ana akutola zipande zawo. Nsompho panalibe. Anathamangira kwa a Blackson.

"Uzinyadira," anamuuza. "Ahedi aipereka kwa mlendo wolemekezeka ngati mphatso ya sukulu. Waikonda kwambiri."

Mlendoyo anali manijala wa hotela ina ya kutsidya kwa nyanja, amene analonjeza malata ofolera kalasi imene denga lake linasasuka. Ndiye chinthu cha mwini wake, chobwereka kwa tsiku limodzi, anthu ophunzira anachinyamula ndi manja awiri n'kupatsa munthu wa galimoto, makolo akuwomba m'manja. Palibe amene anaganiza zofunsa mwana amene anali kuseri akupala mapoto awo.

Mayi Rute atamva, sanakuwe. Anaphula chiwaya mafuta ali pakati pa kuwira.

"Anayamba kuwatenga a mfuti," anatero. "Lero awatenga a choko."

Nthawi yomweyo n'kuti nkhondo itatha kwawoko, ndipo anthu anali atayamba kulembetsa maina kuti malole awabweze kudzera ku Chiponde. Dzina la mayi Rute linali litalembedwa kale. Zaka zonse anadikira ulendo umenewu, ndipo tsopano unapezeka ulendo wopita kumaliro wopanda maliro.

Filomena anapita kwa ahedi. Anamuuza kuti mphatso sangakaiitanitse, angachite manyazi, ndipo malata angabwerere. Anapitanso. Ulendo umenewo anamukumbutsa kuti iye ndi mlendo m'dziko muno, kuti sukulu inamuchitira chifundo pomulandira, ndipo kuti mayeso ali pafupi, asamale pakamwa. Filomena anabwera pa benchi langa.

"Achimwene, njinga yanu ili bwino?"

"Ili bwino. Bwanji?"

"Loweruka mundiperekeze kutsidya. Ndikatenga bambo anga ndekha."

Loweruka ndi tsiku limene mchere umayenda kwambiri, koma ndinatseka benchi. Tinapalasa mpaka ku boma, iye ali pa kaliyala, tinaoloka mlatho, njinga n'kuisiya kwa mnzanga wogulitsa matayala, kenako tinakwera matola. Pageti la hotelayo mlonda anatiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Nsomba amalandirira kuseri."

"Sitikugulitsa nsomba, bambo. Tikufuna abwana."

"Abwana? Ndi patapata ameneyo? Ntchito kulibe, chemwali, pitani."

Tinakhala pansi pa mtengo kunja kwa geti mpaka dzuwa linafika pamutu. Galimoto loyera litatulukira, mlonda anathamangira kukatsegula, ndipo ndisanadziwe chimene chikuchitika Filomena anali ataima pakati pa msewu manja ali m'mbali. Galimoto linaima fumbi lili kobo. Mlonda anatukwana, koma manijala anatsitsa galasi. Filomena analankhula naye m'Chingerezi chija anachiphunzira mochedwa, osaphonya mawu ngakhale amodzi.

Kunena zoona munthuyo sanali woipa. Anamvetsera, nkhope yake inasintha, natilowetsa mpaka ku bala kumene azungu awiri ankamwa mowa atavala makabudula. Analoza pakhoma. Pa thabwa lopakidwa vanishi panali chitsulo cha nsompho, chopukutidwa bwino, ndipo pansi pake panali kapepala kolembedwa ndi dzanja lokongola la a Blackson. Filomena anandiwerengera: chida cha nthawi ya ukapolo, cha zaka zoposa zana.

Chitsulo chokha. Mpini panalibe.

"Mpini uli kuti?" anafunsa Filomena.

"Mpini wanji? Anandipatsa chonchi," anatero manijala.

"Panali mpini. Wakuda, womanga mphira."

"Mwana wanga, ine ndinalandira chitsulo m'kabokosi. Anandiuza kuti ana anachifukula m'munda."

Anaitana mnyamata kuti achotse chitsulocho pa thabwa, nachipereka yekha m'manja mwa Filomena, akupepesa. Anatiitanitsira Fanta. Filomena sanaikhudze. Ine ndinamwa, chifukwa wopalasa njinga pobwerera ndinali ine. Njira yonse ndinkangomva chitsulo chija chikundigunda kumsana m'kathumba kake.

M'mawa mwake tinapita kunyumba kwa a Blackson anthu asanapite ku tchalitchi. Tinawapeza pakhonde akupolisha nsapato, akazi awo, mayi Elina, akusita malaya ndi simbi ya makala. Filomena sanagwade monga amachitira ana a sukulu. Anaika chitsulo pansi patsogolo pawo.

"Sala, mpini uli kuti?"

A Blackson anayang'ana chitsulo, nayang'ana ine. "Mwakachita chiyani kuhotela? Mukudziwa kuti mwaipitsa dzina la sukulu?"

"Mpini, sala."

"Iwe, mpini umene uja unali womanga chubu cha njinga. Chubu cha njinga ndi ukapolo zigwirizana bwanji? Mlendo akanatiseka. Ndinaugulula, basi. Chinthu chenicheni ndi chitsulochi, ndipo wachipeza. Ukufunanso chiyani?"

"Munauika kuti?"

"Ndikumbuka bwanji za kamtengo?"

Apa mayi Elina anasiya simbi pa malaya, akufuna kuthandiza.

"Kamtengo kakuda kaja munabwera nako m'chikwama, bambo a kunyumba? Aa, kameneko ndinasonkhezera nyemba tsiku lomwelo. Kanayaka bwino zedi, kanali kouma. Koma mphira yake inanunkhitsa khitchini yonse."

Ananena akumwetulira, mayi wosadziwa kanthu. Ine ndinaganiza kuti Filomena agwa, kapena atola chitsulo chija n'kuchita nacho zoopsa, moti ndinasendera pafupi. Iye anangoima chilili. Kenako anawafotokozera mayi Elina, osati amuna awo, pang'onopang'ono m'Chichewa, chimene mpiniwo unali, ndi kumene unkayenera kupita. Mayi Elina anagwira pakamwa nakhala pansi pa simenti. Malaya anayamba kupserera pa tebulo.

"Ine ndikanadziwa bwanji?" anatero a Blackson, mawu atatsika. "Ukanandiuza."

"Ndinakuuzani. Zili pa tsamba lachitatu."

Filomena anapitiriza.

"Munapereka malikisi musanafike pa tsamba lachitatu, sala. Munatiphunzitsa inu nomwe kuti anthu ankagulitsidwa ndi nsalu, ndipo ine ndinkalira m'kalasi mwanu. Bambo anga mwawagulitsa ndi malata. Otsalawo mwaphikira nyemba."

"Usandilankhule choncho, ndine mphunzitsi wako!"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinakupatsani."

Mayi Elina anathamangira kukhitchini kuti mwina apeze phulusa, koma panali patapita masabata, phulusa la tsiku limenelo linatayidwa kudzala kalekale pamodzi ndi makoko a nthochi. Anabwera akulira, atanyamula nkhuku kuti atipatse. Filomena anatola chitsulo chake natuluka pa mpanda. Nkhukuyo inatsala m'manja mwawo.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero si moto wa mayi Elina. Iwo anaona nkhuni, ndipo nkhuni kuno n'zosowa. Chimandiwawa n'chakuti munthu wodziwa zaka za nkhondo zonse za m'buku anali ndi nkhondo yamoyo itakhala pa desiki lakutsogolo, itamulembera masamba anayi, iye n'kuona kuti bodza la zaka zana ndi lamtengo kuposa zoona za dzana. Akanawerenga, zikanamutengera nthawi yochepa kuposa imene anataya pogulula mpiniwo. Ndipo mpaka pano sanafike pakhomo pa mayi Rute kudzapepesa. Ahedi akuti nkhaniyo inatha, poti malata anabwera ndithu ndipo kalasi yafoleredwa.

Mayi Rute analandira chitsulo chija ndi manja awiri. Anachitembenuza, nalowetsa chala pabowo pamene pankalowa mpini.

"Awa si iwo," anatero.

Kenako anachikulunga m'chitenje. Anati apita nacho chomwecho kwa akuluakulu a kwa amuna awo, akawauze zonse mmene zinayendera. Akachivomera, aika maliro. Akachikana, akhalabe osameta. Iwo akuganiza kuti achikana.

Filomena ananena kuti kusukulu sapondakonso, akwera lole limodzi ndi amayi ake. Apa ndi pamene ndinawamva mayi Rute akukweza mawu koyamba chifikireni kuno.

"Ukhala! Ulemba mayeso amenewo. Akulanda bambo ako, ukufuna uwapatsenso pensulo yako? Ukagona kwa azakhali mpaka utamaliza."

Ndiye kusukulu akupitabe. Pa phunziro la hisitole amakhala desiki lakutsogolo lomwe lija, salankhula, sakweza mkono, amangowayang'ana a Blackson kuyambira polowa mpaka potuluka. Anzake akuti masiku ano aphunzitsiwo amaphunzitsa atayang'ana bolodi, ndipo nkhani zawo zokoma zija zinauma. Madzulo amabwera pa benchi langa ndi kope, ine n'kumamufunsa zaka ndi maina a m'silabasi uku ndikuyeza mchere. Salakwitsa. Amayankha ngati akulavula. Za kudzakhala mphunzitsi ndinamufunsa kamodzi, anati adzakhala ndithu, ndipo adzawerenga tsamba lililonse limene mwana adzamupatse.

Sabata yatha anabwera ndi maganizo ena. Anati bambo ake anasema mabwato ambiri, ndipo bwato la mtengo wabwino silifa msanga. Pa nyanja ya Amaramba payenera kukhala limodzi lotsala, ngakhale lobooka, lokwiririka m'matope. M'kati mwa bwato lotero muli mikwingwirima ya nsompho yawo, ndipo thukuta lawo linagwera momwemo. Akapeza asodzi akale amene akudziwa kuti ili anasema ndi Albino, adzapempha kachidutswa, n'kukapereka kwa akuluakulu. Ngati adzavomere, sitikudziwa. Amayi ake atamva anangoti, "Kayese."

Lole la mayi Rute linyamuka Lachinayi, ndipo mitolo yawo ndikaifikitsa ndine pa njinga pamalo okwerera. Filomena akangomaliza pepala lomaliza, tidzanyamuka awiri kudzera ku Chiponde. Ine ndidzatenga matumba awiri a mchere ndi katoni ya sopo, chifukwa obwerera akuti kumeneko zinthuzi kulibe, ndipo phindu lake lidzatilipirira ulendo. Tikakafika tidzayamba ndi doko la m'mudzi mwawo, kufunsa bwato limodzilimodzi.